Ana Amene Ankajambulidwa Ubongo Zaka Ziwiri Zilizonse

Kwa nthawi yaitali, munthu wofuna kudziwa mmene ubongo wa mwana umakulira ankadalira ana omwalira. Dokotala wina wa ana pa yunivesite ya Chicago, Peter Huttenlocher, anatha zaka akudula tizidutswa ta ubongo wa anthu omwalira, kuyambira makanda mpaka nkhalamba, n'kumatiika pa maikulosikopu yamphamvu. Ankawerenga malo amene selo imodzi ya ubongo imalumikizana ndi inzake, omwe akatswiri amawatcha ma synapse. Zimene anafalitsa mu 1979 zinali zosayembekezeka. Kutsogolo kwa ubongo wa mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri, zolumikizirazi n'zothithikana kuposa za munthu wamkulu: pamene wamkulu ali nazo 100, mwanayo ali nazo pafupifupi 150. Ubongo umayamba wapanga zochuluka, kenako umadulira, n'kusiya zimene zikugwira ntchito.

Koma ubongo wa womwalira umangonena za tsiku limene mwini wake anamwalira. Simungauone uli wa zaka 6 n'kudzauonanso uli wa zaka 12. Ekisile imaonetsa chigaza, osati za m'kati mwake. Makina a CT, amene anafika m'zipatala m'ma 1970, amaonetsa ubongo ndithu, koma amagwiritsa ntchito cheza chimene chimavulaza thupi chikachuluka. Palibe kholo limene lingalole mwana wake wabwinobwino kumalowetsedwamo chaka ndi chaka pongofuna kuti ophunzira adziwe zinthu.

Chimene chinatsegula njira ndi makina a MRI. Thupi la munthu ndi madzi ambiri, ndipo m'madzimo muli tinthu ta haidrojeni timene timachita ngati timaginito tating'ono kwambiri. Munthu akalowa m'makinawa, maginito aakulu amatifoletsa tinthuti kuloza mbali imodzi. Kenako makinawo amatumiza mafunde a wailesi amene amatigwedeza, ndipo tikamabwerera m'malo mwake timatulutsa chizindikiro chimene kompyuta imachitola. Tinthu ta m'mafuta ndi ta m'madzi sitibwerera pa liwiro lofanana, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kompyuta imakusandutsa chithunzi. Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Britain analandira mphotho ya Nobel mu 2003 chifukwa cha ntchito imeneyi. Cheza chovulaza mulibemo, choncho mwana angathe kujambulidwa kangapo osaopa kanthu.

Pachithunzi cha MRI ubongo umaoneka wa mitundu iwiri. Kunja kuli chikuto chotuwa, chamakwinyamakwinya, chotchedwa cortex, chimene kuchindikala kwake ndi pafupifupi mamilimita awiri ndi theka. Mmenemu ndi mmene muli matupi a maselo ndi zolumikizira zija. M'kati mwake muli mbali yoyera, yopangidwa ndi timitsempha titalititali totumiza mauthenga kuchoka dera lina la ubongo kupita dera lina. Kuyerako kumabwera chifukwa cha mafuta otchedwa myelin amene amakuta timitsemphati kuti uthenga uziyenda msanga.

Mu 1989, nthambi yoona za matenda a maganizo a ana ku National Institute of Mental Health, ku Bethesda m'chigawo cha Maryland, inayamba ntchito imene poyamba inkaoneka yosasangalatsa. Mkulu wa nthambiyi anali Judith Rapoport, ndipo kuyambira 1991 ntchitoyi inali m'manja mwa dokotala wachinyamata, Jay Giedd. Mfundo yake inali yoti sungadziwe chimene chalakwika mu ubongo wa mwana wodwala usanadziwe mmene wa mwana wabwinobwino umaonekera pa msinkhu uliwonse. Choncho anayamba kuitana ana athanzi, kuwajambula, kenako n'kuwaitananso pakatha zaka ziwiri, n'kuwaitananso, pa makina amodzimodziwo.

Kujambula mwana wa zaka 5 si nkhani yamasewera. Asanalowe m'chipinda amamuchotsa chilichonse chachitsulo, kaya ndi ndalama m'thumba kaya kapini ka tsitsi, chifukwa maginito a makina amphamvu ya 1.5 tesla, ngati amene ankagwiritsa ntchito ku Bethesda, amaposa mphamvu yamaginito ya dziko lapansi pafupifupi maulendo 30,000. Amamugoneka chagada pakabedi kopapatiza, mutu amaupanikiza ndi timapilo, m'makutu amamutseka, ndipo bediyo imamulowetsa m'chibowo chonga mpope waukulu. Makina akayamba, phokoso lake ndi logogoda, lobwerezabwereza, lokwana kuliza mwana wamantha. Ndiye amamuuza kuti asagwedeze mutu kwa mphindi pafupifupi khumi. Aliyense amene analerapo mwana akudziwa kuti pempho limeneli ndi lotani. Ofufuza ambiri amayamba aphunzitsa anawo m'makina achinamizira opanda maginito, ndipo makanda amawajambula usiku ali m'tulo. Nkhani ya kugwedeza mutuyi muisunge, tiipezanso kutsogoloku.

Zotsatira zoyamba zimene zinamveka dziko lonse zinatuluka mu 1999 m'magazini ya Nature Neuroscience. Zinachokera pa zithunzi 243 za ana ndi achinyamata 145 a zaka zapakati pa 4 ndi 22. Mbali yoyera inkangowonjezeka chaka ndi chaka, ndipo apa panalibe chodabwitsa. Mbali yotuwa ndi imene inachita zina: inkaoneka kuti ikukula, kufika pachimake, kenako n'kuyamba kuchepa. Kutsogolo kwa ubongo, chimake chimenechi chinaoneka pa zaka 11 kwa atsikana ndi 12 kwa anyamata. Akatswiri ambiri nthawi imeneyo ankaona ngati nkhani ya ubongo imatha mwana asanayambe sukulu, poti pofika zaka 6 ubongo umakhala utafika kale magawo oposa 90 pa 100 a kukula kwa ubongo wa munthu wamkulu. Giedd ndi anzake anaonetsa kuti kukula kwa chinthu ndi kukhwima kwake n'zosiyana, ndipo kuti ubongo wa mwana wotha msinkhu ukadali pa ntchito yokonzedwa.

Mu 2004, Nitin Gogtay wa gulu lomweli, mothandizana ndi Paul Thompson wa ku Los Angeles, anatenga zithunzi za ana 13 amene anawatsatira kwa zaka 8 mpaka 10, n'kuzilumikiza kukhala kanema wa masekondi ochepa. Mu kanemayo munthu amaona kupyapyala kwa cortex kukuyenda ngati funde. Madera oyendetsa manja ndi miyendo komanso olandira zimene maso ndi khungu zamva ndi amene amakhwima koyamba. Madera osonkhanitsa zinthu zosiyanasiyana amatsatira. Dera la kuseri kwa mphumi, limene limathandiza munthu kukonza mapulani, kudikira ndi kudziletsa, lili m'gulu la omalizira.

Kanemayu anayenda kutali kuposa mmene eni ake ankaganizira. Khoti lalikulu la ku America likuzenga mlandu wa Roper ndi Simmons, mabungwe a madokotala anapereka zikalata zotchula kafukufuku wa mtundu umenewu, ndipo mu 2005 khotilo linaletsa chilango cha imfa kwa munthu amene anapalamula asanakwanitse zaka 18, ngakhale kuti oweruzawo anatsamira kwambiri pa zimene zimadziwika za khalidwe la achinyamata kusiyana ndi zithunzi. Kuchokeranso m'nyengo imeneyi ndi mmene munafala mawu amene lero ali ponseponse pa intaneti, akuti ubongo umamaliza kukhwima pa zaka 25. Palibe kafukufuku amene anapeza mzere pa chaka chimenechi. Ubongo umapitiriza kusintha munthu akadutsa zaka 25, ndipo anthu awiri obadwa tsiku limodzi sakhwima pa liwiro limodzi. Nambalayi inafala chifukwa ndi yosavuta kukumbukira.

Cholinga chenicheni cha ku Bethesda chinali ana odwala, ndipo gulu lalikulu pakati pawo linali la ana a vuto lotchedwa ADHD. Mwana wotere sakhazikika, maganizo ake amabalalika msanga, ndipo amachita chinthu asanachiganizire. Ana onse amatero nthawi zina. Madokotala amati ndi ADHD pokhapokha khalidweli litakhalitsa miyezi yosachepera 6, litayamba mwana asanakwanitse zaka 12, likuoneka m'malo oposa amodzi, monga kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo likumulepheretsa kuchita zimene anzake amsinkhu wake akuchita. Kuwerengera kwa kafukufuku wa m'maiko ambiri kumaonetsa kuti ndi ana pafupifupi 5 pa 100 alionse. M'kalasi ya ana 100, ngati mmene zilili m'sukulu zathu zambiri za pulaimale, tinganene kuti alimo angapo, ndipo dzina limene amadziwika nalo ndi loti osamva, ndipo mankhwala amene amalandira kawirikawiri ndi chikwapu.

Ku America m'ma 1990 mkangano unali wina. Ana ochuluka ankapatsidwa mankhwala a methylphenidate, odziwika ndi dzina loti Ritalin, ndipo panali anthu onena kuti ADHD ndi nthenda yopeka, ena n'kumati mankhwalawo ndi amene akuwononga ubongo wa ana. Mu 2002, Xavier Castellanos ndi Rapoport anafalitsa zimene anapeza poyerekeza ana 152 a ADHD ndi ana 139 opanda vutoli. Ubongo wa gulu loyambalo unali wocheperako ndi magawo pafupifupi 3 pa 100. Chofunika kwambiri chinali chakuti ana amene anali asanamwepo mankhwala nawonso ubongo wawo unali wocheperako. Mlandu unachoka pa mankhwala.

Funso limene linatsala linali lakuya kuposa pamenepa. Kodi ubongo wa mwana wa ADHD umayenda njira yakeyake, kapena umayenda njira ya aliyense koma mochedwa? Philip Shaw, amene anabwera ku Bethesda kuchokera ku Britain, anayankha funsoli mu 2007. Anali ndi zithunzi 824 za ana 446, theka a ADHD theka opanda. Kompyuta inayeza kuchindikala kwa cortex pa malo oposa 40,000 mu ubongo uliwonse, ndipo pa malo alionse anafunsa kuti: kodi pamenepa pamafika pachimake mwana ali ndi zaka zingati? Mwa ana opanda vutoli, theka la malowa linali litafika pachimake pa zaka 7 ndi theka. Mwa ana a ADHD, zimenezi zinkachitika pa zaka 10 ndi theka. M'dera la kuseri kwa mphumi kuchedwako kunkafika zaka 5. Koma ndondomeko yake, kuti dera liti liyambe ndipo liti limalize, inali yofanana m'magulu onse awiri. Panali dera limodzi lokha limene mwa ana a ADHD linafulumirako pang'ono, ndipo linali loyendetsa thupi. Shaw ndi anzake anaganiza kuti mwina kusagwirizana kumeneku, thupi kukhala lokonzeka kuyenda pamene dera loliletsa likadali m'mbuyo, n'kumene kumachititsa kujijirika.

Makolo ambiri anamva nkhaniyi ngati uthenga wakuti mwana adzasiya yekha akakula. Ena amasiyadi, kapena vutolo limachepa kwambiri, koma ambiri ndithu amakula nalo mpaka kuntchito ndi m'banja. Ofufuzawo anachenjeza kuti zimene anapeza n'zokhudza magulu a ana mazanamazana, ndipo sizingagwiritsidwe ntchito poyeza mwana mmodzi. Chenjezoli silinayende mtunda umene nkhani ya kuchedwayo inayenda.

Tsopano tibwerere kwa mwana wogwedeza mutu uja. Patapita zaka, akatswiri ena anayesa chinthu chosavuta: anajambula munthu mmodzimodzi ali phee, kenako n'kumujambulanso akugwedeza mutu pang'ono. Kompyuta inawerengera cortex ya pachithunzi chogwedezekacho kuti ndi yopyapyala kuposa mmene ilili. Izi zinali zosautsa, chifukwa amene amagwedezeka kwambiri m'makina ndi ana aang'ono, ndipo pakati pa ana onse, ogwedezeka koposa ndi a ADHD. Magulu ena atachotsa zithunzi zosaoneka bwino n'kuwerengeranso, kukwera kuja kwa m'zaka za kupulaimale kunazimiririka m'madera ambiri. Cortex inkangooneka ikupyapyala kuyambira mwana ali wamng'ono. Tanthauzo la kupyapyalako nalonso linakayikitsa. Poyamba anthu ankati ndi kudulira kwa Huttenlocher kuja kukuonekera pachithunzi. Koma MRI siona ma synapse, ndi aang'ono kwambiri. Gulu la pa yunivesite ya Stanford linaonetsa mu 2019 kuti m'madera ena oonera, cortex imaoneka yopyapyala chifukwa mafuta a myelin akulowerera m'munsi mwake n'kuyeretsa malire, ndiye kompyuta imawerengera gawo lina la mbali yotuwa ngati yoyera.

Mu 2022, Richard Bethlehem wa ku Cambridge ndi Jakob Seidlitz wa ku Philadelphia anasonkhanitsa zithunzi 123,984 za anthu 101,457, kuyambira mwana wa masiku 115 m'mimba mpaka nkhalamba ya zaka 100, n'kupanga matchati a kakulidwe ka ubongo. Maganizo ake ndi omwe aja a khadi ya kusikelo. Mayi aliyense amadziwa kuti kulemera kwa mwana tsiku limodzi sikunena zambiri. Chimene alangizi a zaumoyo amayang'ana ndi mzere, ngati ukukwera motsatira njira yake kapena wagona. Pamatchatiwa, kuchindikala kwa cortex kumafika pachimake mwana asanakwanitse zaka 2, kuchuluka kwa mbali yotuwa pafupi ndi zaka 6, ndipo mbali yoyera pafupi ndi zaka 29. Zaka 11 ndi 12 za mu 1999 zija sizinapirire.

Kodi ndiye kuti a ku Bethesda anataya nthawi? Ine sindikuona choncho. Manambala awo ena anagwa, ndipo mfundo ya kuchedwa kwa zaka 3 iyenera kutengedwa mosamala kuposa mmene mabuku ambiri amaitengera. Koma zinthu ziwiri zinakhala: kuti madera oyendetsa thupi ndi olandira zakunja amakhwima madera oganizira asanakhwime, ndiponso kuti pa matenda a kakulidwe, funso lothandiza si lakuti ubongo ukuoneka bwanji lero koma lakuti ukulowera kuti. Njira yomweyi ndi imene Heather Hazlett ndi Joseph Piven a ku North Carolina anatsata pojambula makanda amene akulu awo ali ndi vuto la kakulidwe lotchedwa autism, pa miyezi 6, 12 ndi 24. Mu 2017 anafalitsa kuti mwa ana amene anadzapezeka ndi autism, cortex inkatambasuka mofulumira kwambiri pakati pa miyezi 6 ndi 12, zizindikiro za khalidwe zisanaoneke. Ana amene anapezeka ndi vutoli m'kafukufukuyu anali 15 okha, choncho ndi chiyambi chabe.

Kuchepa kwa anthu ojambulidwa ndi nthenda ya sayansi yonseyi. Ola limodzi m'makina a MRI limadya madola mazanamazana, ndipo kafukufuku wambiri wakhala wa anthu makumi awiri kapena atatu. Scott Marek ndi anzake anaonetsa mu 2022, pogwiritsa ntchito zithunzi za anthu pafupifupi 50,000, kuti kugwirizana kwa maonekedwe a ubongo ndi khalidwe la munthu n'kochepa kwambiri moti pamafunika anthu zikwizikwi kuti zotsatira zidalirike. Gulu la ofufuza lotchedwa ENIGMA, motsogozedwa ndi Martine Hoogman wa ku Nijmegen, litaphatikiza anthu 1,713 a ADHD ndi 1,529 opanda, linapeza mu 2017 kuti zigawo zina za m'kati mwa ubongo n'zocheperako ndithu mwa a ADHD, makamaka ana. Koma kusiyanako n'kwakung'ono moti mutapatsa katswiri zithunzi ziwiri, sangaloze kuti mwana wa ADHD ndi uyu. Mpaka lero, ku Bethesda konko, ADHD ndi autism amazipeza pofunsa makolo ndi aphunzitsi komanso kumuonetsetsa mwanayo. Wina akakulonjezani kuti makina ake aona matendawa pachithunzi, gwirani chikwama chanu.

Sikuti MRI ilibe chonena pa mwana mmodzi. Pamene chavuta chili chachikulu, chithunzi chimayankha mosabisa, ndipo chitsanzo chabwino cha zimenezi chinachokera ku Blantyre. Terrie Taylor wa ku Michigan State University wakhala akugwira ntchito ndi ana odwala malungo a mu ubongo pa chipatala cha Gulupu kuyambira 1986. Kwa zaka zambiri sizinkadziwika bwino chimene chimapha ana amenewa, poti ena ankamwalira atalandira kale mankhwala opha tizilombo. Makina a MRI atafika pachipatalachi mu 2008, Karl Seydel, Taylor ndi dokotala woona zithunzi Sam Kampondeni anayamba kujambula ana okomoka. Mwa ana 168 amene anawalemba mu lipoti la mu 2015, anamwalira ndi 25, ndipo 21 mwa iwowa ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Mwa opulumuka, otupa chotere anali 27 pa 100 alionse. Chigaza sichitambasuka, ndiye ubongo wotupa umakankhikira pansi n'kupanikiza tsinde lake, pamene pali dera loyendetsa kupuma, ndipo mwana amasiya kupuma.

Opulumuka nawo nkhani yawo sithera pa geti ya chipatala. Gretchen Birbeck atatsatira ana 132 amene anachira malungo a mu ubongo ku Blantyre komweko, anapeza kuti 12 anayamba kudwala khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Ena anasintha khalidwe: kusakhazikika, ukali, kusamvetsera, zofanana kwambiri ndi ADHD. Kwathu kuno, mwana wosamva m'kalasi angathe kukhala mwana amene anakomokapo ndi malungo ali ndi zaka zitatu, ndipo mphunzitsi alibe njira yodziwira ngati kholo silinamuuze.

Eni matchati a mu 2022 anavomereza okha kuti zithunzi zawo zambiri n'za anthu a ku Ulaya ndi North America, ndipo za ku Africa n'zochepa kwambiri. Ana amene akula ndi malungo, kunyentchera kapena kuchepa kwa magazi sali pamzere umenewo. Makina atsopano ang'onoang'ono a Hyperfine, amphamvu ya 0.064 tesla, oyenda pa mateyala komanso olumikiza pa soketi wamba, ayesedwapo kale ku Gulupu. Zithunzi zake sizakuthwa mokwanira kuyeza tizigawo ta milimita ngati mmene Shaw ankachitira, koma zimaonetsa kukula kwa ubongo wonse ndi madzi amene ali m'kati mwake. Poyeza kakulidwe ka mwana tsiku ndi tsiku, chida chimene ofufuza ambiri kuno amagwiritsa ntchito ndi Malawi Developmental Assessment Tool, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anachifalitsa mu 2010 atachiyesa pa ana 1,426 a m'midzi. Chili ndi zoyesa 136 za ana osapitirira zaka 6, zoona mayendedwe, kagwiridwe ka zinthu ndi zala, kalankhulidwe ndi kakhalidwe ndi anthu, ndipo zipangizo zake zonse zimakwana m'kadengu kamodzi.